Ndikukwanitsa zaka 30, viza ikutha mu Epulo, akazi anga ndi oyembekezera: ndisiye inshuwalansi ya boma?

Mlendo_wa_Epulo:

Moni akuluakulu nonse, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku Germany. Ine ndimangowerenga zokambirana zanu mwakachetechete, koma lero ndaona kuti nditsegule pakamwa, chifukwa nkhani iyi yandisowetsa tulo sabata yonse.

Ndikuchita digiri yachiwiri ndipo chaka chachiwiri chili kumapeto. Chanditsalira ndi pepala lomaliza lija, ndipo mmene ndikuonera lindifikitsa mu Seputembala kapena Okutobala. Chilolezo changa chokhalira muno, cha ophunzira chija, chikutha pa 15 Epulo. Akazi anga anandipeza chaka chatha, ndiye chawo chinamangidwa pa changa, chikuthanso tsiku lomwelo. Ndi oyembekezera, ndipo adokotala akuti tiyembekezere mu Juni. Ndi mwana wathu woyamba.

Lachiwiri lapitali ndinalandira kalata yochokera ku Krankenkasse yanga, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo ya boma limene ndinalowa. Akuti popeza ndikukwanitsa zaka 30 mu Febuluwale, mtengo wa ophunzira uthera pa 31 Malichi, pamene semesita ino ikutha. Kuchokera pamenepo, ngati ndikufuna kukhalabe nawo, ndizilipira ngati munthu wolowa mwakufuna kwake, ndipo ndalama yake ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri imene ndikupereka panopa. Ikudutsa mayuro 200 pamwezi. Ndinakhala pansi n'kuwerengera lendi, magetsi, chakudya, zofunika za khanda, ndipo masamu anakana. Ndimagwira ntchito maola 16 pasabata pa kampani ina monga Werkstudent, kutanthauza wophunzira wogwira ntchito ya maola ochepa. Ndalama zimene zili ku Sperrkonto, akaunti yotsekedwa ya ku banki imene timaonetsa popempha viza, nazo zikuphwa.

Mnzanga wina wa m'kalasi anandionetsa inshuwalansi ina ya kampani yapadera, yopangira alendo, yosakwana mayuro 50 pamwezi. Iye akuti wakhala nayo zaka ziwiri ndipo sanavutikepo. Kunena zoona mtima wanga wapendekera komweko. Koma pali chinachake chikundiletsa kusayina, n'chifukwa chake ndabwera kuno.

Vuto lachiwiri ndi Termin, tsiku losungitsa lokaonekera ku ofesi. Ndakhala ndikuyang'ana tsiku lokaonekera ku ofesi ya alendo ya mumzinda wathu kuyambira Disembala, m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Tsiku loyamba limene ndalipeza ndi la kumapeto kwa Meyi, pamene zilolezo zathu zidzakhala zitatha kale ndi masabata 6. Ndinaimba foni kangapo, osayankhidwa. Kodi masabata amenewo tidzakhala anthu ophwanya lamulo? Kuntchito adzandiimitsa? Nanga akazi anga akadzafuna chipatala m'masiku amenewo?

Ndiwonjezere kuti pasipoti yanga ikutha mu Novembala, kaya zili ndi kanthu.

Chonde amene munadutsamo mundithandize. Sindikufuna kuti mwana wathu adzafike ife mapepala ali balala.

Mayi_a_Awiri:

Achimwene, choyamba tikuthokoza Mulungu chifukwa cha mphatso ikubwerayo, ndipo alamu athu muwapatse moni. Ine ndakhala kuno zaka 11, ndimagwira ntchito yosamalira odwala, ndipo ana anga onse awiri anabadwira konkuno. Ndikupemphani chinthu chimodzi: pepala la inshuwalansi yotchipayo musasayine. Mwachita bwino kufunsa musanalembe dzina.

Ndifotokoze chifukwa chake, poti kungoti "musatero" sikukuthandizani pamene masamu akukana.

Panopa inu mukulipira munthu mmodzi, koma otetezedwa ndi awiri. Alamu ali pansi panu mu Familienversicherung, inshuwalansi ya banja, osalipira kalikonse. Mwana akabadwa mudzangodzaza fomu, nayenso n'kulowa, osawonjezera ngakhale yuro imodzi. Zimenezi sizisintha mukayamba kulipira mtengo watsopanowo. Ndiye mayuro 200 ndi kanthu amenewo musawaone ngati a inu nokha, agaweni patatu. Ku inshuwalansi ya kampani yapadera kulibe zoti banja lilowere pa munthu mmodzi. Mutu uliwonse umalipira wokha, inu, alamu, ndi khanda lomwe.

Tsopano za pathupi. Mainshuwalansi otchipa opangira alendowa kwenikweni ndi a paulendo. Anawakonzera munthu amene wabwera kwa kanthawi, wathyoka mwendo kapena wadwala mwadzidzidzi. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto kwa mgwirizanowo, mupeza kuti ambiri salipira matenda amene munthu anali nawo kale, ndipo pathupi poti panalipo kale asanalowe salipiranso. Ngakhale inshuwalansi yapadera yeniyeni, yodula ija, kawirikawiri imakhala ndi nthawi yodikira ya miyezi 8 isanayambe kulipira za kubereka. Alamu akuchira mu Juni. Werengani nokha miyeziyo.

Kumene muliko, zonse za sikelo zikulipiridwa, zimene akulemba m'kabuku ka sikelo ka Mutterpass kaja. Kuchipatala tsiku lochira simudzatulutsa ndalama. Mzamba, amene kuno amati Hebamme, adzabwera kunyumba kwanu masabata oyambirira kudzaona mchombo wa mwana, kumuyeza kulemera, ndi kuthandiza mayi kuyamwitsa. Kwa ife amene tili kutali ndi amayi athu ndi azakhali, mzamba ameneyo ndiye amakhala mayi. Ine mwana wanga woyamba anabadwa masabata 5 nthawi isanakwane, anakhala masiku 19 m'chipinda cha ana obadwa msanga. Sindinaonepo bilu ya masiku amenewo. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanakhala ndi pepala la mayuro 40 lija, mwina mpaka lero ndikanakhala ndikubweza ngongole. (Mwa njira, ngati simunapeze Hebamme yambani kufunafuna lero lomwe, amadzaza msanga kwambiri. Ena amayamba kufufuza pathupi pali miyezi iwiri.)

China chimene mnzanu wa m'kalasiyo sanakuuzeni, mwina poti iyenso sakuchidziwa: khomo lotulukira ndi lotakasuka, lobwererapo ndi lopapatiza. Inu muli ndi ufulu wopitiriza ndi Krankenkasse yanu chifukwa mwakhalamo kale kupitirira miyezi 12 mosadukiza. Mukatuluka, simungangodzuka tsiku lina n'kunena kuti ndabwerera. Njira yodziwika yobwererera ndi kupeza ntchito yokhazikika imene bwana amadula inshuwalansi pa malipiro. Ntchito ya Werkstudent siwerengedwa pamenepo, Minijob, kantchito ka malipiro ochepa kaja, nayonso ayi. Ndiye mukamaliza sukulu n'kukhala miyezi mukufunafuna ntchito, mudzakhala panja nthawi yonseyo, muli ndi khanda m'manja.

Pa nkhani ya ndalama, pitani ndi alamu kumalo olangiza amayi oyembekezera, monga a Caritas, Diakonie kapena pro familia. Uphungu wa pathupi ndi waulere. Afunseni za thumba la Bundesstiftung Mutter und Kind, limene limathandiza amayi oyembekezera osowa ndi ndalama zogulira zovala za mwana, kabedi ndi ngolo. Pempho limayenera kuperekedwa mwana asanabadwe. Musachite manyazi, thumbalo linakhazikitsidwira zomwezo.

Kalaliki_Wakale:

Achemwali anena zonse za chipatala, ine ndigwire za mapepala, chifukwa mantha anu a masabata 6 aja ali ndi mankhwala, ndipo mankhwala ake ndi otchipa.

Lamulo loona za alendo, Aufenthaltsgesetz, pa gawo 81 ndime 4 limati munthu akapereka pempho lowonjezera chilolezo chake chisanathe, chilolezo chakalecho chimaonedwa ngati chikugwirabe ntchito mpaka ofesi itapereka chigamulo. Mawu ofunika apa ndi "pempho", osati "Termin". Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Kusungitsa tsiku la mu Meyi pakokha musakudalire ngati pempho. Chimene chikutetezeni ndi kalata yofika ku ofesiyo pasanafike pa 15 Epulo, yonena momveka kuti mukupempha kuwonjezera chilolezo chanu ndi cha akazi anu.

Musadikire Epulo. Lembani sabata ino. Mayina onse, masiku obadwa, adiresi, manambala a makhadi anu, ndi chiganizo chimodzi chopempha Verlängerung, kutanthauza kuwonjezera chilolezo. Aliyense wa inu asayine. Muikemo makope a mapasipoti, a makhadi, kalata ya ku yunivesite yosonyeza kuti mukadali wophunzira, ndi umboni wa inshuwalansi. Ngati ofesi yanu ili ndi fomu ya pa intaneti, gwiritsani ntchito imeneyo ndipo musunge chitsimikizo chimene chimatuluka pomaliza. Ngati ilibe, tumizani pa positi ngati Einschreiben, kalata yolembetsa ija, n'kusunga lisiti. Ine ndimachita zonse ziwiri. Tsiku lina wina akadzati sitinalandire kanthu, kapepala kameneko ndiko kadzakuyankhulireni.

M'kalata momwemo pemphani Fiktionsbescheinigung. Ndi kapepala kosonyeza kuti chilolezo chanu chakale chikupitirira, ndipo mtengo wake ndi mayuro 13. Kameneko ndiko mukaonetse kuntchito, chifukwa ufulu wogwira ntchito umapitirira monga unalili pa khadi lakale. Abwana ambiri amakadziwa. Mukakalandira yang'anani bokosi limene achonga. Pakhale pa ndime 4. La ndime 4 limakulolani kutuluka m'dziko ndi kubwereranso, bola kapepalako ndi pasipoti zikhale zisanathe. La ndime 3 silikulolani kubwerera mukatuluka. Ndipo ngati kapepalako simunakalandire m'manja, khadi litatha, musayerekeze kukwera ndege, ngakhale kutagwa zovuta kumudzi. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa, koma pa bwalo la ndege saona lisiti la ku positi.

Ndichenjeze ena owerenga: chitetezo chimenechi sichikhudza viza ya Schengen ya masiku 90, ya odzacheza ija. Imeneyo ndi nkhani ina.

Tsopano pamene inshuwalansi ikukumana ndi viza. Kuti akuwonjezereni, ayenera kukhutira kuti mukutha kudzisamalira nokha, ndipo lamulo lomwelo pa gawo 2 ndime 3 limawerengera inshuwalansi yokwanira ngati mbali ya kudzisamalirako. Limanenanso mosabisa kuti amene ali mu inshuwalansi ya boma ali ndi chitetezo chokwanira. Ndiye mukapita ndi kalata ya Krankenkasse, funso limenelo latha, wa pa desiki alibe choti aunike. Mukapita ndi yapadera, ayamba kuyang'ana ngati ikufanana ndi ya boma: kodi ili ndi malire a ndalama, kodi imatha pakapita zaka zingapo, kodi imalipira za pathupi. Apo ndiye mwaika tsogolo la banja lanu m'manja mwa munthu mmodzi ndi mmene wadzukira tsiku limenelo.

Za ndalama zoonetsa: kuyambira Seputembala 2024 wophunzira amayenera kuonetsa mayuro 992 pamwezi, kapena 11,904 pachaka. Si zonse ziyenera kukhala ku Sperrkonto. Mgwirizano wanu wa ntchito ndi mapepala a malipiro a miyezi itatu yapitayi zimawerengedwa. Koma dziwani kuti 992 imeneyo ndi ya wophunzira yekha. Poti muli awiri, adzayang'ananso lendi ndi zosowa za akazi anu, choncho tengani mgwirizano wa nyumba. Ndipo musanapemphe thandizo lililonse ku Jobcenter, ofesi ya boma yothandiza osowa ntchito, funsani kaye alangizi a ku Studierendenwerk (bungwe lothandiza ophunzira) kapena a Migrationsberatung (uphungu wa alendo), chifukwa ndalama zina za boma zimatha kuwononga pempho la chilolezo.

Pasipoti yanu ili ndi kanthu, kwambiri. Khadi la chilolezo salipereka lopitirira tsiku limene pasipoti ikutha. Mukapita nayo mmene ililimu adzakulekezerani mu Novembala, ndiye mudzayambiranso mzere womwewu khanda lili ndi miyezi isanu. Lankhulani ndi ofesi ya kazembe ku Berlin panopa mudziwe zofunika kuti mupeze yatsopano. Kuwonjezera chilolezo kwa nthawi yopitirira miyezi itatu ndi mayuro 93 munthu mmodzi, ndiye si ndalama yoti muziilipira kawiri pachaka popanda chifukwa.

Dzuwa_Salozerana:

Ine ndisiyane nawo pang'ono akuluakuluwa. Ndinabwera kuno ndili ndi zaka 32, ndiye ku inshuwalansi ya boma ya ophunzira sanandilandire n'komwe. Ndinalowa yapadera yotchipa, ndipo ofesi ya mumzinda wathu inandiwonjezera chilolezo kawiri osafunsa zambiri. Si onse amene ali ndi mapepala amenewa amakanidwa, ndipo tisawachititse mantha anzathu amene alibe njira ina. Mizinda imasiyana.

Koma achimwene, ine ndinali ndekha, wopanda mkazi kuno, wopanda mwana, thupi lili bwino. Ndipo dzino litandivuta ndinalipira ndekha mayuro opitirira 600, kampaniyo inangobweza kachigawo kochepa. Komanso kwa dokotala ndinkayamba ndalipira ndekha, kenako n'kutumiza malisiti, n'kumadikira. Inu muli kale mkati mwa nyumba imene ine ndinkailakalaka ndili panja. Ndikanakhala inu sindikanatuluka.

Yesaninso kuwonjezera maola kuntchito. Werkstudent amaloledwa mpaka maola 20 pasabata nthawi ya maphunziro, inu muli pa 16. Maola anayi owonjezera pasabata amenewo akhoza kutseka dzenje lalikulu la kusiyana kwa mitengoko.

Mayi_a_Awiri:

Zoona zimenezo achimwene a Dzuwa, amene anafika atadutsa kale zaka 30 nkhani yawo ndi ina, sindikuwaweruza.

Ndabweranso chifukwa ndinaiwala chinthu chimene chinandigwetsa ine m'dzenje. Mukakhala membala wolipira mwakufuna kwanu, Krankenkasse imakutumizirani fomu yofunsa ndalama zimene mumapeza. Fomu imeneyo musaiike pansi pa mulu wa makalata. Ine nthawi ina ndili pakati pa ntchito ziwiri ndinaiiwala miyezi itatu, mwana akudwaladwala, mutu uli pena. Poti sindinayankhe, anandiwerengera ngati munthu wolandira ndalama zambiri, n'kunditumizira bilu ya pafupifupi mayuro 1,000 pamwezi. Ndinalira mu khitchini ndili chiimire. Zinakonzeka nditatumiza mapepala a malipiro, koma zinanditengera masabata ndi makalata ambiri. Ndiye yankhani fomuyo tsiku lomwe yafika, muikemo mapepala a malipiro anu a Werkstudent.

Ndipo mwezi wina zikadzathina, musangokhala chete n'kusiya kulipira. Imbani foni, pemphani kulipira pang'onopang'ono, amamva. Ngongole ikakwana ya miyezi iwiri amaimitsa chithandizo chambiri, n'kungosiya cha matenda adzidzidzi, ululu, ndi za pathupi, komanso amawonjezera chindapusa mwezi uliwonse.

Funsaninso mwa kalata ngati angakutalikitsireni mtengo wa ophunzira. Amatero nthawi zina ngati panali chifukwa chimene chinachedwetsa maphunziro, monga matenda aakulu, kulumala, kapena kulera mwana. Musaikepo mtima kwambiri, koma kufunsa sikulipiritsa.

Kalaliki_Wakale:

Kamodzi kokha ndiwonjezere, za mwanayo, kuti musadzadzidzimuke. Kubadwira ku Germany pakokha sikumupatsa unzika wa kuno. Koma makolo onse awiri akakhala ndi chilolezo chokhalira muno pa tsiku lobadwa, gawo 33 limati mwanayo apatsidwe chake. Ichi ndi chifukwa china choti mapepala a inu awiri akhale oyera pofika Juni. Kubadwa kumalembetsedwa ku Standesamt, ofesi ya kalembera wa kubadwa ndi maukwati, pasanathe sabata imodzi, ndipo kawirikawiri chipatala chimathandiza kutumiza uthengawo. Konzeranitu setifiketi ya ukwati ndi masetifiketi anu obadwira, pamodzi ndi zomasulira zake za m'Chijeremani zochokera kwa womasulira wolumbira. Funsani ku Standesamt panopa zimene adzafune, chifukwa nthawi zina amafuna kutsimikizira mapepala ochokera kunja ndipo zimatenga nthawi. Setifiketi ya mwana ndiyo imatsegula zina zonse, pasipoti yake ndi chilolezo chomwe.

Mukadzamaliza sukulu muli ndi mwayi wa chilolezo cha miyezi 18 chofunira ntchito, ndipo pa nthawi imeneyo mukhoza kugwira ntchito iliyonse. Pamenepo adzafunsanso inshuwalansi yomweyi.

Mlendo_wa_Epulo:

Akuluakulu, zikomo kwambiri, ndilibe mawu okwanira. Mayankho anu tinawerenga limodzi ndi akazi anga usiku wa Lachisanu, ndipo pamene amayi a awiri munanena za masiku 19 aja, iwo anangondiyang'ana osanena kanthu. Pepala la inshuwalansi yotchipa lija ndalichotsa pa tebulo.

Ndikuuzeni pamene tafika. Loweruka m'mawa tinalemba kalata ija, tonse tinasayina, ndinaitumiza ngati Einschreiben. Nditayang'anitsitsa ndinapezanso kuti ofesi yathu ili ndi fomu ya pa intaneti imene ndinkaidumpha masiku onsewa, maso ali pa Termin pokha. Ndadzazanso imeneyo, chitsimikizo ndachisindikiza kawiri, china chili m'chikwama changa, china mu fayilo ya kunyumba. Tsiku la mu Meyi lija ndalisungabe.

Lolemba ndinapita ndekha ku ofesi ya Krankenkasse m'malo moimba foni. Mayi amene ndinamupeza anatsimikiza kuti akazi anga akhalabe pansi panga ndipo mwana adzalowa popanda kuwonjezera ndalama. Za kutalikitsa mtengo wa ophunzira anandiuza mosabisa kuti chifukwa changa sichikukwana, poti palibe chimene chinandichedwetsa sukulu. Fomu ya ndalama ija ndinaidzaza pomwepo iye akuona, ndipo anandipatsa kalata yosonyeza kuti ndipitiriza kukhala membala kuyambira pa 1 Epulo, yoti ndikaonetse ku ofesi ya alendo.

Abwana anga avomera maola 20 kuyambira mwezi wamawa. Sizikutseka dzenje lonse, kukutsala pafupifupi mayuro 30 pamwezi amene tiyenera kuwafinya penapake, koma zimenezo n'zotheka. Ku Caritas atipatsa tsiku la Lachinayi sabata yamawa. Ku ofesi ya kazembe ndalemba imelo za pasipoti, ndikudikira yankho.

Chimene chatsala ndi Hebamme. Taimbira asanu ndi awiri, onse akuti Juni ndi wodzaza kale. Amayi a awiri, inu munawapeza bwanji anu? Kodi kuchipatala kumene tikukachirira angatithandize kupeza, kapena tipitirize kuimba mmodzimmodzi?